Kodi mphamvu yokoka imachokera ku entropy? Pamene masamu agwira ndi pamene akutsimphina

Tengani chingwe cha mphira, cha legeni kapena chodula ku chubu cha njinga, muchikolowetse pa msomali, kumunsi mupachike botolo la madzi lolemera mokwanira kuti mphirayo italike kuwirikiza kawiri. Chongani pakhoma pamene botolo lalekezera. Kenaka iuzireni mphirayo mpweya wotentha wa makina oumitsira tsitsi kwa mphindi imodzi. Waya wachitsulo mukamutenthetsa amatalika, koma mphira yokokedwa imafupika, ndipo botolo limakwera. Zikakanika, kawirikawiri vuto limakhala lakuti mphira sinakokedwe mokwanira. Ikatanuka pang'ono chabe, osapyola pafupifupi 10 peresenti, kufutukuka wamba kwa chinthu chotentha ndiko kumapambana, ndiye imatalika ngati waya. John Gough wa ku England anaona khalidwe limeneli kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, ndipo James Joule anadzaliyeza bwino m'zaka za m'ma 1850.

Chimene chikukoka botololo si sipuling'i yobisika m'kati mwa mphira. Mphira ndi mamolekyu ataliatali opiringizana, amene amangogwedezeka chifukwa cha kutentha. Njira zimene molekyu yotere ingapindikire ndi zochuluka kwambiri kuposa njira zimene ingawongokere, choncho mukaiwongola pokoka, kugwedezeka kwachisawawa kuja kumaibwezera ku maonekedwe amene ali ndi njira zambiri. Kuwerenga njira zimenezi ndiyo entropy. Ludwig Boltzmann ndiye anaimangirira ku chiwerengero cha njirazi, ndipo fomula yake, S = k log W, inalembedwa pamanda ake ku Vienna. W ndi kuchuluka kwa njira zimene tizigawo ting'onoting'ono tingakhalire popanda kusintha zimene diso likuona, ndipo k ndi 1.38 × 10⁻²³ joule pa digiri iliyonse ya Kelvin (K, muyeso wa kutentha umene ziro yake ndi kuzizira kotheratu). Mphamvu yotuluka m'kuwerenga kotereku ili ndi lamulo lalifupi: F Δx = T ΔS. Mphamvu kuchulukitsa ndi kamtunda kamene mwasuntha ndi chimodzimodzi mlingo wa kutentha kuchulukitsa ndi kusintha kwa entropy.

Mphamvu ya mtundu umenewu ili ndi zizindikiro zitatu, ndipo ndizo muyeso wa nkhani yonseyi. Imafuna tizigawo tambirimbiri toti tiwerengedwe. Imafuna kutentha, chifukwa T ikafika pa ziro mphamvuyo yatha. Ndipo ndi ya pakatikati chabe: mukaiyeza mosamalitsa mupeza ikunjenjemera, ikukwera ndi kutsika pang'onopang'ono mozungulira mlingo wake. Akatswiri ena a fiziki akuti mphamvu imene imagwetsa mango pansi ndi kusunga mwezi m'njira yake ndi ya mtundu umenewu. Pansi pa dzina limodzi la lingaliroli, entropic gravity, pali mfundo zitatu zosiyana, za mu 1995, 2010 ndi 2016, ndipo kulimba kwake sikufanana ngakhale pang'ono.

Mmene kutentha kunalowera m'nkhani ya mphamvu yokoka

Chiyambi chake ndi ma black hole, malo amene mphamvu yokoka yakula mpaka kuwala komwe sikungatulukemo. Mu 1971 Stephen Hawking anasonyeza kuti, malinga ndi masamu a Einstein, kukula kwa malire a black hole sikungachepe. Awiri akaphatikizana, malire a watsopanoyo amaposa kapena kufanana ndi a awiri aja pamodzi. Chinthu china chokhacho chodziwika mu fiziki chimene chimangokula osachepa ndi entropy. Jacob Bekenstein, amene panthawiyo anali wophunzira wa John Wheeler ku Princeton, ananena mu 1972 ndi 1973 kuti kufananaku si mwangozi: black hole ali ndi entropy yeniyeni, ndipo imayenda ndi kukula kwa malire ake. Hawking anatsutsa poyamba, pa chifukwa chomveka. Chokhala ndi entropy chiyenera kukhala ndi kutentha, chotentha chiyenera kuwala, ndipo black hole sawala. Mu 1974 iye mwini anawerengera zimene malamulo a quantum, fiziki ya tinthu ting'onoting'ono kwambiri monga maatomu, amachita pafupi ndi malirewo, n'kupeza kuti black hole amawaladi, mofooka kwambiri.

Kuwerengera kumeneko kunakhazikitsa nambala. Entropy ya black hole ndi k kuchulukitsa ndi gawo limodzi mwa magawo 4 a kukula kwa malire, poyeza ndi timabwalo ta Planck. Mbali imodzi ya kabwalo ka Planck ndi 1.6 × 10⁻³⁵ mita, ndiye kabwalo konse ndi 2.6 × 10⁻⁷⁰ sikweya mita. Black hole wolemera ngati dzuwa ali ndi makilomita 3 kuchokera pakati kufika ku malire, malire ake ndi pafupifupi 10⁸ sikweya mita, entropy yake ndi pafupifupi 10⁷⁷ k, ndipo kutentha kwake ndi 6 × 10⁻⁸ K. Dzuwa lenilenilo lili ndi entropy ya pafupifupi 10⁵⁸ k basi.

Chodabwitsa si kukula kwa nambalayo ayi, koma chimene ikutsatira. Mpweya wa m'chipinda mukauwirikiza kawiri pamodzi ndi chipindacho, entropy imawirikiza kawiri, chifukwa imayenda ndi kuchuluka kwa malo a m'kati. Ya black hole imayenda ndi kukula kwa khoma lakunja. Gerard 't Hooft mu 1993 ndi Leonard Susskind mu 1995 anatengerapo mfundo yakuti zonse zochitika m'dera lililonse zingalembedwe pa khoma lolizungulira. Mfundoyi imatchedwa holography.

Chidutswa chomaliza chinabwera ndi William Unruh wa ku Canada mu 1976. Munthu amene liwiro lake likuwonjezereka mosalekeza m'malo opanda kanthu amaona malowo ngati ofunda, pamene mnzake wongoyandama amawaona ozizira kotheratu. Kutentha kwake ndi T = ħa/2πck, pamene a ndi kufulumira kwa liwiro, c ndi liwiro la kuwala, ħ ndi nambala ya Planck. Pa kufulumira kwa chinthu chakugwa padziko pano, 9.8 mita pa sekondi pa sekondi iliyonse, T ndi 4 × 10⁻²⁰ K. Kuti mufike pa digiri imodzi yokha mufunika kufulumira kwa 2.5 × 10²⁰. N'chifukwa chake palibe amene anayeza kutentha kwa Unruh mwachindunji, ngakhale kuti masamu ake ndi ochepa amene amawakayikira.

Jacobson, 1995

Ted Jacobson wa ku University of Maryland anatembenuza nkhani yonse. Anzake anayambira pa masamu a Einstein n'kufika pa entropy. Iye anayambira pa entropy. Sankhani malo alionse m'chilengedwe, ngakhale kutali ndi black hole aliyense. Munthu wofulumira podutsa pamalopo amakhala ndi malire akeake kumbuyo kwake, kumene kuwala kochokerako sikudzamupeza. Nyonga iliyonse yodutsa malirewo kwa iye yasowa, ndipo Jacobson anaiwerenga ngati kutentha kotayika, δQ. Mlingo wa kutentha anatenga wa Unruh. Entropy anati iyende ndi kukula kwa malirewo, monga ananenera Bekenstein. Ndiye anaikapo lamulo lakale la Rudolf Clausius, δQ = T δS.

Zotsatira zake n'zokakamiza. Nyonga ikadutsa, entropy iyenera kusintha, choncho kukula kwa malire kuyenera kusintha. Koma malirewo ndi mtolo wa cheza cha kuwala, ndipo mtolo wa cheza umapanikizika pokhapokha malo ndi nthawi zitapindika. Kuchuluka kwa kupanikizikako kumaperekedwa ndi fomula imene Amal Kumar Raychaudhuri wa ku India anapeza mu 1955. Mukalamula kuti zimenezi zichitike pamalo ponse ndi mbali zonse, chotuluka ndi masamu onse a Einstein a mu 1915. Nambala ya Newton, G, imatuluka m'kuchuluka kwa entropy pa sikweya mita imodzi, ndipo nambala imene lero timaigwirizanitsa ndi dark energy, chinthu chosadziwika chimene chikufulumizitsa kufutukuka kwa chilengedwe, imatsala yosadziwika, yoti iyezedwe kumwamba.

Mwa mfundo zitatuzi iyi ndiyo yolimba, ndipo zaka 30 zadutsa osagwetsedwa. Koma tiyeneranso kunena zimene sinachite. Jacobson anayamba ali kale ndi malo, nthawi, kuwala ndi malamulo a quantum. Sanasonyeze kumene malo ndi nthawi zimachokera, ndiponso sanatchule tizigawo timene tikuwerengedwa. Sanaloserepo chinthu chatsopano choti chiyezedwe. Iye anatengerapo lingaliro lakuti masamu a Einstein ali ngati malamulo a mpweya, ofotokoza khamu osati kanthu kamodzi, ndipo kuti kuwaika mwachindunji m'malamulo a quantum kungakhale kulakwitsa kofanana ndi kuchita zomwezo ndi phokoso loyenda mumpweya. Mfundo imeneyi siimanga nkhani monga ambiri amaganizira, chifukwa m'zinthu zolimba monga kristalo phokoso limakhaladi ndi timagawo ta quantum, ma phonon, ndipo amayezedwa tsiku ndi tsiku. Chinthu chikhoza kutuluka m'khamu n'kukhalabe cha quantum.

Verlinde, 2010, ndi masamu oti mungawachite papepala

Mu Januwale 2010 Erik Verlinde wa ku University of Amsterdam anatulutsa pepala limene linamveka kutali kuposa la Jacobson, mwina chifukwa chakuti aliyense amene anamaliza masamu a sekondale angalitsatire. Iye ananena mosapsatira kuti mphamvu yokoka ndi ya entropy monga ya mphira ija.

Jambulani m'maganizo chikhoma chozungulira ngati mpira, cha utali R kuchokera pakati, chozinga chinthu cholemera M. Kukula kwa khomalo ndi A = 4πR². Choyamba, nenani kuti khomalo lili ndi mabiti N (biti ndi kagawo kochepetsetsa ka uthenga, 0 kapena 1), limodzi pa kabwalo ka Planck kalikonse: N = Ac³/Għ. Chachiwiri, tengani nyonga yonse ya chinthu cha m'katimo, E = Mc², muigawire mabitiwo mofanana, monga zimakhalira mumpweya, E = ½NkT. Pamenepo mwapeza T wa khomalo. Chachitatu, bweretsani kanthu kolemera m pafupi ndi khoma, ndipo nenani kuti kakasuntha kamtunda Δx, entropy ya khoma imasintha ndi ΔS = 2πk mcΔx/ħ. Pomaliza ikani zonsezi mu F Δx = T ΔS. Nambala ya Planck imafafanizika, c imafafanizika, k imafafanizika, ndipo chotsala ndi F = GMm/R², lamulo la Newton la mu 1687.

Yesani ndi dziko lathu. R ndi makilomita 6,371, ndiye A ndi 5.1 × 10¹⁴ sikweya mita, ndipo N ndi pafupifupi 2 × 10⁸⁴. Dziko limalemera 5.97 × 10²⁴ kilogalamu, choncho E ndi 5.4 × 10⁴¹ joule. Kuwirikiza kawiri E, kugawa ndi N, kugawanso ndi k, kukupatsani 4 × 10⁻²⁰ K, ndendende kutentha kwa Unruh kwa chinthu chofulumira pa 9.8. Munthu akaona manambala akukumana chonchi koyamba, mtima umadumpha.

Koma bwererani muone chimene chinalowetsedwa pa sitepe iliyonse. G analowa ndi dzanja pa sitepe yoyamba, pakuti kabwalo ka Planck ndi Għ/c³. R² anachokera pa kusankha khoma lozungulira, zimene Gauss anadziwa kalekale kuti zimabala lamulo la 1/R². Nambala 2π ya pa sitepe yachitatu inasankhidwa dala kuti, ikaphatikizidwa ndi fomula ya Unruh, ipereke F = ma. Ndipo gawo limodzi mwa 4 la Bekenstein ndi Hawking silikuoneka pa kuwerenga mabiti. Mukalibwezeretsa osasintha china, mphamvu yokoka ituluka yochuluka kanayi. Choncho masamuwa akutionetsa kuti malamulo odziwika kale angasanjidwe m'chilankhulo cha kutentha popanda kutsutsana. Kuti chilankhulocho ndicho choyambirira, sakutsimikizira.

Pali funso linanso losautsa. Kutentha kwa 4 × 10⁻²⁰ K ndi kwa chiyani? Mphira imafupika chifukwa ikukhudzana ndi mpweya wofunda, ndipo mukhoza kuikapo choyezera kutentha. Pamwamba pa dziko palibe chinthu chodziwika chozizira chonchi. Ngakhale kuthambo kopanda nyenyezi kuli kuwala kotsalira kwa chiyambi cha chilengedwe, kwa 2.7 K. Ndiye khamu limene lili pa 10⁻²⁰ K liyenera kukhala losakhudzana ndi china chilichonse chimene timachidziwa, kupatula pokoka.

Matt Visser wa ku Wellington, New Zealand, anagwira mfundoyi pena mu 2011. Mphamvu yokoka ya Newton imabweza zonse: mwala woponyedwa m'mwamba kumalo opanda mpweya umabwerera ndi liwiro lomwe unachoka nalo, ndipo mapulaneti azungulira dzuwa kwa zaka zoposa mabiliyoni 4 osalefuka. Visser anasonyeza kuti kufuna mphamvu yobweza zonse chonchi kumapanikiza kwambiri maonekedwe amene T ndi S angakhale nawo, ndipo kuti zinthu zokokana zikachuluka pamafunika milingo yambiri ya kutentha ndi ma entropy ambiri nthawi imodzi. Iye mwini ananena kuti kutsutsaku sikukhudza Jacobson mwachindunji, kapena Thanu Padmanabhan wa ku Pune, India, amene anagwira ntchito pa nkhani yomweyi kwa zaka zambiri mpaka imfa yake mu 2021.

Kutsutsa kwakuthwa kunachokera ku manyutironi, tizigawo ta m'kati mwa atomu timene, malinga ndi quantum, timayendanso ngati mafunde. Mu 1975 Colella, Overhauser ndi Werner anagawa mtsinje wa manyutironi panjira ziwiri, ina pamwamba ina pansi, n'kuwakumanizanso, ndipo anaona mafunde a quantum akusokonezana monga masamu a Schrödinger pamodzi ndi mphamvu yokoka ya Newton amanenera. Mu 2002 Valery Nesvizhevsky ndi anzake ku Institut Laue-Langevin ku Grenoble anachita china chokongola kuposa pamenepo. Anayendetsa manyutironi ozizira kwambiri pakati pa galasi losalala pansi ndi chomeza manyutironi pamwamba, n'kumachepetsa mpata pakati pa ziwirizi. Nyutironi ikanakhala kampira wamba, ena akanadutsa pa mpata uliwonse. Koma mpata utachepera pafupifupi ma micrometre 15 (micrometre ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita), palibe anadutsa. Nyutironi yodumphadumpha pagalasi mokokedwa ndi dziko ili ndi masitepe a nyonga, ndipo sitepe yotsikitsitsa, ya 1.4 × 10⁻¹² electronvolt, imafuna msinkhu wa pafupifupi ma micrometre 14. Archil Kobakhidze ananena mu 2011 kuti ngati msinkhu uliwonse wa nyutironi ukugwirizana ndi entropy yosiyana ya khoma, ndiye kuti khomalo "likudziwa" pamene nyutironi ili, ndipo kudziwika koteroko kumapha mafunde a quantum. Masitepewo sakanaoneka. Ena anayankha kuti iye anamasulira mfundo ya Verlinde mouma kwambiri, ndipo mu 2021 gulu lina, limene munali Hartmut Abele wa ku Vienna ndi Denys Bondar, linalemba mtundu wa lingaliroli umene kuphedwa kwa mafundeko kungachepetsedwe ndi nambala imodzi yosinthika mpaka kugwirizana ndi zoyezedwa. Yankho limeneli ndi loona pa masamu, koma lili ndi mtengo wake: nambalayo ikamakula, lingalirolo limafanana kwambiri ndi mphamvu yokoka wamba, mpaka osasiyanitsikanso.

2016: kulosera, ndi mtengo wa kulosera

Mu Novembala 2016 Verlinde anachita chimene otsutsa ankafuna, kunena chinthu choyezeka. Vuto limene analimbana nalo ndi lakale. Fritz Zwicky mu 1933, kenaka Vera Rubin ndi Kent Ford m'zaka za m'ma 1970, anapeza kuti milalang'amba ndi nyenyezi za m'mphepete mwake zikuthamanga kuposa mmene kulemera kooneka kungazigwirire. Yankho la akatswiri ambiri ndi dark matter, zinthu zosaoneka zolemera pafupifupi kasanu kuposa zooneka. Mordehai Milgrom wa ku Israel anapereka yankho lina mu 1983: lamulo la Newton limasintha pamene kufulumira kwatsika pansi pa mlingo wina, umene lero umayezedwa kukhala pafupifupi 1.2 × 10⁻¹⁰ mita pa sekondi pa sekondi. Milgrom nambalayi anaitola m'zoyezedwa, popanda chifukwa chake.

Verlinde anati m'chilengedwe chokhala ndi dark energy, ngati chathuchi, pali entropy yachiwiri yoyenda ndi malo a m'kati, kuwonjezera pa ya pakhoma ija. Chinthu cholemera chimakankha entropy imeneyi pamalo pake, ndipo malowo amabwezera ngati chinthu chotanuka. Kubwezerako ndiko kukoka kowonjezera. Kwa chinthu chimodzi chokhala pachokha, kukoka kowonjezerako ndi sikweya ruti ya kukoka kwa Newton kuchulukitsa ndi cH₀/6, pamene H₀ ndi liwiro limene chilengedwe chikufutukukira. Mukatenga H₀ wa makilomita 70 pa sekondi pa megaparsec (mtunda umene kuwala kumayenda m'zaka zoposa mamiliyoni 3), cH₀ ndi 6.8 × 10⁻¹⁰, ndipo kugawa ndi 6 kumapereka 1.1 × 10⁻¹⁰. Imeneyi ndi nambala ya Milgrom, yotuluka popanda kuikonza. Kwa mlalang'amba wa nyenyezi ndi mpweya zolemera ngati madzuwa 10¹¹, fomulayi imapereka liwiro la m'mphepete la pafupifupi makilomita 200 pa sekondi, losatsika ndi mtunda, ndipo milalang'amba yozungulira ya msinkhu umenewo imathamangadi chapamenepo.

Kuyesa koyamba kunamukomera. Margot Brouwer wa ku Leiden ndi anzake anayeza mmene milalang'amba 33,613 yokhala payokha imapindira kuwala kochokera kumbuyo kwake, pogwiritsa ntchito kafukufuku wa KiDS ndi GAMA, ndipo zoyezedwazo zinagwirizana ndi fomula ya Verlinde popanda nambala yosinthika ngakhale imodzi. Dark matter inagwirizananso nazo, koma itasinthidwa manambala kuti ikwane.

Zotsatira zina sizinakome. Mu 2017 Federico Lelli, Stacy McGaugh ndi James Schombert, amene si adani a malingaliro a mtundu wa Milgrom, anayesa fomulayi ndi liwiro la nyenyezi m'kati mwa milalang'amba ya m'kaundula wawo wa SPARC. Anapeza kuti imakwana pokhapokha nyenyezi zitapatsidwa kulemera kochepa kuposa kumene njira zina zimasonyeza, komanso imalosera kupatuka koyenda ndi mtunda kumene kulibe m'zoyezedwa. Chaka chomwecho Aurélien Hees, Benoit Famaey ndi Gianfranco Bertone anaibweretsa kwathu kuno. Dzuwa limakoka dziko ndi kufulumira kwa 5.9 × 10⁻³. Kuchulukitsa ndi 1.1 × 10⁻¹⁰ n'kutenga sikweya ruti kumapereka 8 × 10⁻⁷, gawo limodzi mwa 7,000 la kukoka kwa dzuwa. Zikuoneka zochepa, koma njira za mapulaneti zimadziwika bwino kwambiri kudzera m'ma radar ndi zombo za m'mlengalenga, ndipo atatuwa anapeza kuti kutembenuka kwa njirazo kumene fomulayi ikulosera kukuposa kololedwa ndi zoyezedwa nthawi pafupifupi mamiliyoni 10. Oikira kumbuyo Verlinde amati fomulayi si ya kumalo a kukoka kwamphamvu. Mwina n'zoona, koma pepalalo silipereka lamulo lonena mmene kukoka kowonjezerako kumazimiririra mukamayandikira nyenyezi, ndipo popanda lamulolo yankholi silingayesedwe.

Mu 2021 gulu la Brouwer lomwelo, litayeza milalang'amba yambiri, linapeza kuti milalang'amba yakale yofiirira imapinda kuwala kwambiri kuposa yatsopano yozungulira, ngakhale nyenyezi zake zikulemera mofanana. Lamulo lodalira kulemera kooneka kokha silingasiyanitse mitundu iwiriyi. Pothawira patsala pamodzi: mwina yofiirirayo yazingidwa ndi mpweya wochuluka wotentha umene sunawerengedwe.

Chachikulu ndi chakuti fomula ya mu 2016 inapangidwa pa zinthu zozungulira ngati mpira, zosasuntha, zokhala pazokha, m'chilengedwe chimene H₀ wake sasintha. Umboni wamphamvu wa dark matter uli kunja kwa mpanda umenewu. Mu Bullet Cluster, magulu awiri a milalang'amba anawombana, mpweya wotentha, umene ndi wolemera kuposa nyenyezi zonse za m'menemo, unatsalira pakati, koma kupindika kwa kuwala kumene Douglas Clowe ndi anzake anayeza mu 2006 kunatsatira milalang'amba imene inapitirira. Timawanga ta kuwala kotsalira kwa chiyambi cha chilengedwe, timene satelaiti ya Planck inayeza, timafotokozeka bwino ndi dark matter. Pa ziwirizi fomula ya Verlinde ilibe cholosera chilichonse, chabwino kapena choipa.

Pamene mfundoyi ili ndi mizu

Kuli malo amodzi kumene kugwirizana kwa entropy ndi mphamvu yokoka kwasonyezedwa ndi masamu okwanira, tizigawo take tikudziwika. Mu 1997 Juan Maldacena anapeza chitsanzo chenicheni cha holography, chilengedwe chokhala ndi mphamvu yokoka chimene chili chimodzimodzi ndi fiziki ya quantum yopanda mphamvu yokoka yokhala pa khoma lake. Mu 2006 Shinsei Ryu ndi Tadashi Takayanagi anasonyeza kuti m'chitsanzochi kukula kwa makoma a m'kati kumayeza entanglement, kulumikizana kwa quantum pakati pa zigawo za khoma lakunja, ndi gawo limodzi mwa 4 lomwe lija. Mark Van Raamsdonk ndi anzake, cha mu 2013 ndi 2014, anatulutsa masamu a Einstein a kupindika kochepa kuchokera ku malamulo a entanglement. Entropy ya pano si ya kugwedezeka kwa kutentha ngati ya mphira. Ndi ya quantum, ndipo sifuna kuti china chitayike kapena kunjenjemera, choncho manyutironi a ku Grenoble saivutitsa. Vuto lake n'lakuti chilengedwe cha Maldacena n'chopindika mosiyana ndi chathu. Chathu, monga akatswiri a zakuthambo anapezera mu 1998, chikufutukuka mofulumira, ndipo palibe amene wamanga chitsanzo chofanana cha chilengedwe chotero. Pepala la Verlinde la mu 2016 linali kuyesa kulumpha mpata umenewu mongoyerekeza.

Kwa ine apa ndi pamene mzere uyenera kulembedwa. Kunena kuti kupindika kwa malo ndi nthawi kukugwirizana kwambiri ndi kuwerenga kwa quantum kuli ndi umboni wa masamu wochokera mbali zingapo. Kunena kuti mango amagwa chifukwa khamu lina lofunda likufuna kuchulukitsa njira zake ndi mfundo ina, yopapatiza, ndipo iyenera kuweruzidwa ndi zizindikiro zitatu zija. Mapepala atsopano akupitirira kutuluka, monga la Ginestra Bianconi wa ku Queen Mary University of London la mu 2025, lotulutsa mphamvu yokoka m'kusiyana kwa entropy pakati pa maonekedwe a malo ndi maonekedwe amene zinthu zolemera zimabweretsa, koma ambiri a iwo amasintha chilankhulo osapereka choti chiyezedwe mawa.

Ntchito yothandiza kwambiri posachedwapa yachokera kwa munthu amene salimbikira kuti lingaliroli ndi loona. Mu 2025 Daniel Carney wa ku Lawrence Berkeley National Laboratory ndi anzake anamanga zitsanzo zazing'ono zokhala ndi zonse zimene Verlinde sanatchule: khamu la tizigawo ta quantum todziwika, kutentha kwake, ndi mmene chinthu cholemera chimatikhudzira. Manambala akasankhidwa bwino, zinthu ziwiri zimakokanadi mwa 1/R². Zitsanzozi n'zosakongola, ndipo zimangofika pa Newton, osati Einstein, koma zimaonetsa poyera kuti mphamvu yotereyi imabwera ndi kunjenjemera ndiponso imafooketsa mafunde a quantum a chinthu cholemera, pa mlingo woti ungawerengedwe n'kufananitsidwa ndi zoyezedwa.

Kuyesa kwake kuli m'ma labotale, osati kuthambo. Mu 2017 magulu awiri, la Sougato Bose ndi anzake ndi la Chiara Marletto ndi Vlatko Vedral, anafotokoza njira. Tengani tinthu tiwiri, kalikonse kolemera pafupifupi 10⁻¹⁴ kilogalamu, muike kalikonse pamalo awiri nthawi imodzi monga quantum imalolera, mutiyandikizitse pa mtunda wa ma micrometre mazana angapo kwa masekondi ochepa, mutatsekereza mphamvu zina zonse. Tikatuluka tili ndi entanglement, ndiye kuti chotikoka chimanyamula uthenga wa quantum, ndipo khamu lofunda longokankha kalikonse pakokha silingachite zimenezo. Tikatuluka mafunde atafa msanga kuposa mmene mpweya wotsalira ndi kugwedezeka kwa zipangizo zingafotokozere, mbali yonena kuti mphamvu yokoka ndi ya entropy yapeza umboni wake woyamba.

Chovuta ndi kulemera. Mu 2021 gulu la Markus Aspelmeyer ku Vienna linayeza kukokana kwa timipira tiwiri tagolide ta mamilimita 2, kalikonse ka mamiligalamu pafupifupi 90, kamene ndi kolemera nthawi pafupifupi mabiliyoni 10 kuposa kofunika pa kuyesa kwa Bose. Kuchokera mbali inayo, mu 2019 gulu la Markus Arndt, ku Vienna komweko, linaonetsa mafunde a quantum a mamolekyu a maatomu pafupifupi 2,000, olemera cha pa 4 × 10⁻²³ kilogalamu, opepuka nthawi zoposa mamiliyoni 200 kuposa ofunikawo. Pakatipo pali adani odziwika: molekyu imodzi ya mpweya ikagunda kanthuko kuyesa kwatha, kuwala kwa kutentha kwa kanthu komweko kumaulula pamene kali, ndipo tinthuto tikayandikana kwambiri mphamvu ya Casimir, kukokana kwina kwa quantum kumene kumachitika pakati pa zinthu zoyandikana, imaposa mphamvu yokoka. Ndicho chifukwa chake mtundawo sungachepetsedwe kupyola ma micrometre pafupifupi 200 popanda kuika chotchinga chachitsulo pakati, ndipo zipangizo ziyenera kuziziritsidwa kufika pansi pa digiri imodzi ya Kelvin.